Dzina la Agnes: mafunso amene anthu amafunsafunsa ndi mayankho ake

Dzina ili pafupifupi aliyense ali nalo pachibale, kaya ndi azakhali, kaya agogo, kaya mnzanu wa ku pulayimale uja munkalimbirana naye desiki. Koma mukafunsa tanthauzo lake mumva mayankho atatu, wina akuti ndi nkhosa, wina akuti ndi la mwana woyera khungu, wina akulumbira kuti analiona m'Baibulo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri, makamaka ndi anthu amene akusaka dzina la mwana kapena la ubatizo, nde ndangowaika pamodzi kuyambira osavuta.

Kodi Agnes amatanthauza chani?

Amatanthauza "woyera", munthu wosadetsedwa, wopanda banga, woyenera kuyandikira zinthu zopatulika. Dzinali likuchokera ku mawu a Chigiriki chakale oti hagnos, ndipo akamanena za mkazi ankati hagne. Ngati mumangofuna kayankho kolemba pa keke ndi komweka, zotsatirazi ndi zofotokozera chabe.

Nde kuti ndi dzina la mwana woyera khungu?

Ayi ndithu, ndipo apa chikutisokoneza ndi Chichewa chathu chomwechi osati dzinalo. Ife mawu oti kuyera timawasenzetsa katundu wambiri, ufa woyera, mtsikana woyera, mbale zayera, kunja kwayera, Mzimu Woyera, zonsezi mawu ake amodzimodzi. Agiriki anali ndi mawu osiyana. Choyera ngati mkaka kapena ufa ankati leukos, choyera chifukwa chatsukidwa ankati katharos, chopatulika ankati hagios, ndipo hagnos ndi m'bale wake wa hagios ameneyu, muzu wawo ndi umodzi.

Munthu hagnos kwa iwo anali amene wadzisunga kuti akalowe m'kachisi, sanakhetse magazi, sanakhudze mtembo, sanagone ndi munthu. Amene munakulira kumudzi simungavutike kumva zimenezi, mukudziwa kuti pokathira nsembe kapena pakakhala mwambo waukulu anthu amadika, ndipo ntchito zina amapatsa kamwana kapena gogo wokalamba poti iwo ndi ozizira. Sikuti miyambo iwiriyi ndi yofanana ndendende ayi, koma ganizo lake likuyandikana kwambiri ndi limenelo kusiyana ndi nkhani ya khungu. Agiriki ankatchula motero ngakhale milungu yawo yaikazi, monga Artemis amene ankati sanakwatiwe.

Choncho mwana wakuda bii akhoza kukhala Agnes popanda chovuta chilichonse.

Ine ndimayesa ndi la Chingerezi, si choncho?

Kwa ife linabwera ndi azungu nde timangoti lachizungu, koma Angerezi nawonso anachita kulandira. Linayambira ku Chigiriki, linalowa mu Chilatini chifukwa ku Roma wakale kunali anthu ambiri olankhula Chigiriki ndipo maina achigiriki anali paliponse makamaka pakati pa akhristu oyamba, kenako mpingo ndi umene unalimwaza ku Ulaya konse chifukwa cha kamtsikana kena, Agnes Woyera, kamene tikakambe m'munsimu. Ku Greece mpaka lero lilipo, amati Agni.

Nanga h wa mu hagne uja anathawira kuti?

Mu Chigiriki chakale h ameneyu sanali chilembo chachikulu pachokha, anali kampweya chabe kotulutsa poyamba mawu, polemba ankangoika kachizindikiro pamwamba. Patapita zaka anthu anasiya kukatchula, nde dzina linakhazikika mu Chilatini lopanda h. Si zachilendo, ifenso "ndiye" tamusandutsa "nde" tikuona ndi maso.

Wansembe wathu anati Agnes ndi kankhosa. Ananama?

Sananame kwenikweni koma anasakaniza zinthu ziwiri zimene zakhala zikusakanizidwa kwa zaka zoposa 1,500, nde musawaimbe mlandu abambo. Mu Chilatini mwana wa nkhosa amati agnus. Mukamva Agnus Dei ndi Mwanawankhosa wa Mulungu uja timaimba pa Misa tisanalandire. Tsono Agnes ndi agnus akumveka ngati mapasa, akhristu a ku Roma olankhula Chilatini sakanalephera kuzilumikiza, komanso nkhani ya kamtsikana kosalakwa kophedwa ngati nkhosa inagwirizana bwino ndi kamvekedweko. Kuyambira pamenepo ojambula zithunzi anayamba kumujambula Agnes Woyera atanyamula kankhosa kapena kali pamapazi pake, mukaona chithunzi cha woyera wamkazi wamng'ono ali ndi nkhosa ndi nthambi ya kanjedza dziwani kuti ndi yemweyo.

Koma kufanana kwa mawu si chibale. Umboni wosavuta ndi uwu, mu Chigiriki momwe dzinali linachokera mwana wa nkhosa si agnus ayi, pa Yohane 1:29 pamene Yohane Mbatizi akuloza Yesu mawu ake ndi amnos, ndipo m'buku la Chivumbulutso ndi arnion. Nkhosa ndi chizindikiro cha mwini dzina, tanthauzo la dzina ndi lija tanena poyamba.

Pali enanso amene amalemba kuti Agnes akuchokera kwa Agni mulungu wa moto wa Ahindu, amenewo nde asochera kutali, angoona zilembo zikufanana basi.

Lili m'Baibulo?

Ngati dzina la munthu mulibe, fufuzani kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso simumupeza mayi wotchedwa Agnes. Koma mawu amene dzinali linachokerako alimo kangapo ndithu mu Chipangano Chatsopano poti chinalembedwa m'Chigiriki. Pa Afilipi 4:8 pamene Paulo akutchula zinthu zoyenera kuziganizira, "zoyera" zija ndi mawu omwewa. Pa Yakobo 3:17 nzeru yochokera kumwamba ikunenedwa kuti choyamba ndi hagne, ndendende mmene dzinali lilili. Pa 2 Akorinto 11:2 Paulo akufanizira mpingo ndi namwali woyera, mawu ake omwewonso, ndipo pa 1 Yohane 3:3 akunenedwa za Khristu mwini.

Nde ngati apongozi akukana dzinali ati si la m'Baibulo, awerengereni Yakobo 3:17 koma mwaulemu.

Agnes Woyera anali ndani?

Anali mtsikana wachikhristu wa mumzinda wa Roma amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake. Mwambo wa mpingo umati zinachitika mu 304, nthawi ya mfumu Diocletian amene anayambitsa chizunzo chachikulu cha akhristu mu 303, matchalitchi ankagwetsedwa, mabuku kuotchedwa, anthu kukakamizidwa kupereka nsembe kwa milungu ya boma. Chimene chinagwedeza anthu ndi msinkhu wake. Ambrose, episkopi wa ku Milan, polemba za iye cha mu 377 anati anali ndi zaka 12, Augustine anati 13. Tangoganizani, mwana wa Sitandade 6 kapena 7 amene kwathu kuno timamutuma kukagula tomato.

Anaikidwa m'mbali mwa msewu wotchedwa Via Nomentana kunja kwa mpanda wa mzinda. Sipanatenge nthawi manda ake anayamba kukoka anthu, Constantina mwana wamkazi wa mfumu Constantine anamangitsa tchalitchi chachikulu pamalopo, ndipo Papa Damasus amene analamulira mpingo kuyambira 366 mpaka 384 analembetsa ndakatulo yomutamanda pa mwala umene ulipobe. Tchalitchi chimene alendo amakaona lero, Sant'Agnese fuori le mura, chinamangidwa ndi Papa Honorius woyamba m'zaka za m'ma 600, pamwamba penipeni pa manda. Chilinso china pakati pa tauni pa Piazza Navona, Sant'Agnese in Agone, pamene amati ndi pomwe anazunzidwira, ndipo chigaza chake chimasungidwa mmenemo.

Nkhani zija za tsitsi kumera ndi moto kukana kuyaka, zinachitikadi?

Apa tisiyanitse. Zoti kunali mtsikana wamng'ono dzina lake Agnes amene anaphedwa ku Roma chifukwa cha chikhristu ndi zolimba, dzina lake lili kale pa kalendala ya ofera chikhulupiriro ya mu 354, patangopita zaka 50 chabe. Koma mmene anafera olemba oyambirirawo sakugwirizana, Ambrose akunena za lupanga, Damasus akutchula moto ndi tsitsi limene linaphimba thupi lake atamuvula, wandakatulo Prudentius akuwonjezera zoti anamutengera ku nyumba ya mahule kuti amuchititse manyazi kenako anamudula mutu. Nkhani yaitali imene ambirife tinamva ku katekisimu, ya mwana wa bwanamkubwa amene anamufunsira ukwati iye nkukana ati ndili naye kale mwamuna amene ndi Khristu, mnyamata kuchita khungu kapena kugwa nkufa Agnes nkumupempherera, inalembedwa mochedwerapo m'zaka za m'ma 400.

Ine ndimaiona ngati nkhani ya pa maliro a munthu wokondedwa, aliyense woyankhula amawonjezerako kake, koma malirowo ndi enieni. Ndipo mbali imene imandikhudza ine si zozizwitsazo ayi, ndi yoti mwana wa zaka 12 akuluakulu amphamvu akumuuza zochita ndi thupi lake iye nkunena kuti toto. M'dziko ngati lathu lino limene mpaka mu 2017 tinachita kusintha malamulo aakulu kuti ukwati uziyambira zaka 18, nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni.

Pali kankhani kena kophatikizapo, ka Emerentiana amene anayamwa bere limodzi ndi Agnes, amati anamugenda miyala akupemphera pamanda a mnzakeyo patangopita masiku awiri, nchifukwa chake tsiku lake ndi 23 Januwale.

Tsiku la Agnes Woyera ndi liti, ndipo kumachitika chani?

Pa 21 Januwale. Akatolika, a Anglican ndi a Orthodox onse amamukumbukira tsiku limeneli, kwathu kuno limagwa pakati pa dzinja chimanga chili m'chiuno anthu ali kalikiliki kubandira nde nthawi zambiri limangodutsa mwakachetechete.

Ku Roma kuli mwambo wokoma. Tsiku limeneli ana a nkhosa awiri amadalitsidwa, kale ankachokera kwa amonke a ku Tre Fontane, kenako amaperekedwa kwa masisitere a ku Santa Cecilia in Trastevere amene amawasamalira nkuwameta. Ubweyawo umalowa nawo polukira chovala chotchedwa pallium, kansalu koyera kopyapyala kovala m'mapewa kokhala ndi mitanda 6 yakuda, kamene Papa amadalitsa pa 29 Juni tsiku la Petulo ndi Paulo oyera nkupereka kwa maarkiepiskopi atsopano. Ku Malawi maarkidayosizi ndi awiri, Blantyre ndi Lilongwe, nde mukadzaona Ambuye Arkiepiskopi atavala kansalu kameneka pa Misa yaikulu mudziwe kuti nkhani yake ikukafika kwa kamtsikana kaja. Zonsezi zinabadwa chifukwa cha kusokoneza Agnes ndi agnus kuja, onani funso la nkhosa m'mwambamu.

Ku England ndi ku Scotland kale atsikana ankakhulupirira kuti usiku wa pa 20 Januwale ukagona osadya, osacheuka polowa m'bulangete, ulota mwamuna amene adzakukwatire. Zoseketsa ndithu, woyera amene anakana ukwati nkumusandutsa ankhoswe.

Linafika bwanji kwathu kuno?

Kudzera ku mishoni, koma makomo ake ndi angapo. Khomo lalikulu ndi la Akatolika, a Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901 ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902, ndipo pa ubatizo munthu ankayenera kutenga dzina la woyera. Mu pemphero loyamba la Ukaristia muli mndandanda wa akazi oyera 7 amene wansembe amawatchula, Felicity, Perpetua, Agatha, Lucy, Agnes, Cecilia ndi Anastasia. Tawerenganinso pang'onopang'ono, si maina a agogo athu amenewa? Felesita, Pelepetuwa, Agata, Lusiya, Aginesi, Sisiliya, Nasitaziya, mudzi wa Akatolika ku Dedza kapena ku Nguludi mukhoza kuwapeza onse pa mjigo umodzi.

Khomo lachiwiri ndi la a Scotland amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Iwowa za oyera analibe nazo ntchito, koma kwawo Agnes linali dzina wamba la amayi awo ndi alongo awo, nde linayenda nawo. Lachitatu ndi la Anglican, amene mpaka pano ali ndi bungwe la atsikana la St Agnes. Nchifukwa chake dzinali mulipeza ku CCAP, ku Katolika, ku Anglican ngakhale ku mipingo ya Pentekoste kumene anangotengera dzina la azakhali.

Ndinamva kuti likukhudzana ndi David Livingstone?

Eya, m'banja mwake munali a Agnes atatu. Mayi ake anali Agnes Hunter, David mwini anali ndi mlongo wake Agnes, ndiye mwana wake wamkazi woyamba wobadwa mu 1847 anamutchanso Agnes. Mwana ameneyu nkhani yake ikutikhudza kuposa mmene ambiri amadziwira. Anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, amene anagula malo aakulu kuno, ndipo malo amenewo ndi esiteti ya A. L. Bruce ya ku Magomero. Ndi pa esiteti yomweyo pamene thangata anafika powawa mpaka anthu a John Chilembwe anapha woyang'anira wake William Jervis Livingstone mu Januwale 1915. Agnes mwini anali atamwalira kale mu 1912.

Sindikunena kuti a Agnes a ku Chiradzulu anatchulidwa potengera iyeyu ayi, ndangoti mudziwe kuti dzinali lili m'mbiri yathu penapake pamene simumayembekezera.

Kalembedwe koyenera ndi kati, Agnes, Agness kapena Aginesi?

Kochokera ku Chilatini ndi Agnes, s mmodzi. Agness wa ma s awiri ndi wathu kuno ndi ku Zambia, wafala mpaka ena amayesa ndiye wolondola, ndikuganiza kuti dzanja limangotsatira maina ena othera choncho monga Loveness, Happiness ndi Kindness. Aginesi ndi mmene pakamwa pa Mchewa pamatchulira poti ife g ndi n kugundana popanda kanthu pakati lilime limakana, komanso mawu athu sathera pa s. Palibe cholakwika pa zitatu zonsezi.

Cholakwika ndi kusakaniza pa mapepala. Msuweni wanga pa satifiketi ya Fomu 4 analembedwa ndi s mmodzi, pa chiphaso cha unzika wolemba uja anangoika awiri osafunsa iyenso osayang'ana, kunali mzere wautali dzuwa likuswa mtengo aliyense akufuna azipita. Patapita zaka atapeza ntchito, ku banki ina anamubweza ati awa ndi anthu awiri osiyana, anayenda maulendo atatu kuchokera kumudzi, thiransipoti yokha inadya ndalama ya feteleza, mpaka anachita kukalumbira kuti Agnes ndi Agness ndi iye yemwe. Nde sankhani kalembedwe kamodzi mwana akadali kusikelo, kalembeni pa kapepala, ndipo aliyense wolemba dzinalo muzimuyang'ana dzanja.

Nanga poitana mwaulemu timati a Agnes kapena bwanji?

Funso ili limandisangalatsa chifukwa ndi vuto la ife tokha, Agiriki sanaliganizire. Dzinali layamba kale ndi a, nde ukati "a Agnes" ma a awiriwo amamezana nkungomveka Aginesi, munthu osadziwa ngati wapatsidwa ulemu kapena ayi. Ulemu wake umakaonekera kutsogolo, "Aginesi abwera" osati "wabwera". Ndinamvapo ana ena akuitana mnzawo kuti Ginesi poyesa kuti a woyambayo ndi waulemu nde kwa mwana mnzawo amuchotse. Kunyumba ambiri amangoti Agi kapena Nesi, makolo nkusanduka amake Agi ndi abambo ake Agi, ndipo mwini dzina akakula nkukwatiwa dzinalo limabisala, amakhala Naphiri kapena Nabanda mpaka tsiku lolandira makuponi.

Kodi Ines ndi Agnes ndi dzina limodzi?

Limodzi lomwelo. Inês ndi Chipwitikizi, Inés ndi Chisipanishi, nde abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene timawaitana Inesi ndi a Agnes anzathu, anangolowera khomo la Apwitikizi. Ku Portugal dzinali limakumbutsa Inês de Castro, mkazi amene Pedro, mwana wa mfumu, ankamukonda koma bambo ake a Pedroyo mfumu Afonso wachinayi anamuphetsa ku Coimbra mu 1355, manda a awiriwa ali moyang'anana ku Alcobaça.

Kwina kulikonse lili ndi kavalidwe kake. Ku Italy ndi Agnese ndipo amatchula ngati Anyeze, ku France amalemba Agnès nkumatchula Anyesi, g ndi n kwa iwo zimapanga ny wathu wa nyama. Ku Poland ndi Agnieszka, ku Czech ndi Anežka, ku Hungary Ágnes.

Nanga Anna, Annie ndi Nancy?

Anna ndi Annie ayi, amenewo ndi ochokera ku Chihebri kwa Hana mayi a Samueli ndipo tanthauzo lake ndi chisomo. Kusokonekera kunayambira ku England zaka za m'ma 1300 mpaka 1500, pamene Agnes linali limodzi mwa maina ofala kwambiri a akazi koma anthu ankalitchula kuti Annis, g osamveka. Nancy anayamba ngati dzina lachibwana la Annis ameneyu kenako anasamukira kwa Ann. Dzina la Agnes linazilala kumeneko mpingo utagawikana poti Apulotesitanti ankakonda maina a m'Baibulo, linadzadzukanso m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe amishoni ankanyamuka kubwera kuno.

Ku Scotland kuli akazi otchedwa Senga, ndipo anthu kumeneko amati ndi Agnes wowerengedwa chobwerera. Yesani muone. Koma Senga Bay ya ku Salima isalowe m'nkhaniyi chonde.

Catherine nayenso amati ndi "woyera", pali kusiyana?

Catherine akhristu akale anamulumikiza ndi katharos uja tamutchula mu funso lachiwiri, kuyera kwa chinthu chotsukidwa chopanda litsiro, ndipo th wa m'dzinalo anabwera chifukwa cha kulumikiza kumeneko. Agnes ndi kuyera kodzisunga chifukwa cha Mulungu. M'Chichewa onse awiri agwera mu dengu limodzi, nde mwana wotchedwa Agnes Catherine ndi Woyera Woyera. Zinachitikapo mwanjira ina, mng'ono wake wa Clara Woyera wa ku Assisi anabadwa ali Caterina nkudzatenga dzina la Agnes atalowa usisitere.

Ndi anthu ati odziwika amene anali ndi dzinali?

Amene amadabwitsa anthu ndi Mother Teresa. Teresa linali la usisitere, kwawo ku Skopje kumene anabadwira mu 1910 anali Anjezë Gonxhe Bojaxhiu, ndipo Anjezë ndi Agnes m'chilankhulo cha ku Albania. Analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1979, anamwalira mu 1997.

Wina ndi Agnes wa ku Bohemia, komwe lero ndi ku Czech, mwana wa mfumu Ottokar woyamba, amene anakana maukwati achifumu nkumanga chipatala ndi nyumba ya masisitere ku Prague, anamwalira mu 1282. Papa John Paul wachiwiri anamulengeza kukhala woyera pa 12 Novembala 1989, ndipo patangopita masiku 5 zionetsero zimene zinagwetsa boma la chikomyunizimu m'dzikomo zinayamba, anthu akumeneko mpaka lero amazilumikiza ziwirizi. Kwathu kuno ambiri akukumbukira mayi Agnes NyaLonje amene anasankhidwa kukhala nduna ya zamaphunziro mu 2020.

Ndinawerenga pa intaneti kuti a Agnes amakhala ofatsa, nambala yawo yamwayi ndi yakuti. Zoona?

Zimenezo amangolemba kuti muwononge bandulo. Yang'anani dzina lina lililonse pamasamba omwewo mupeza mawu omwewo, wokoma mtima, wanzeru, wokonda anthu, palibe dzina limene amati mwini wake ndi waulesi. Ine a Agnes amene ndikuwadziwa wina ndi wofatsa zoti mpaka nkhuku zimamudyera m'mbale, wina ndi azakhali anga amene akayamba kuyankhula pa msonkhano wa banja amalume onse amayang'ana pansi.

Si dzina la agogo limeneli? Mwana wobadwa pano sadzasekedwa?

Kunena zoona kusikelo masiku ano mumamva kwambiri a Favour, a Praise, a Shekinah ndi a Tadala, Agnes wachepa. Koma maina amazungulira, ku England ndi ku Sweden dzinali labwereranso pakati pa makanda patapita zaka likuoneka lachikale. Ndipo kwathu kutcha mwana dzina la agogo si chipongwe, ndi ulemu, mwana akatuluka m'chikuta nkumupatsa dzina la gogo wake gogoyo amamutcha mnzanga mpaka kalekale, nkhuku yoyamba ndi ya iyeyo. Ubwino wina ndi woti kulikonse kumene angadzapite, Johannesburg kaya London kaya Lisbon, sadzavutika kufotokoza dzina lake.

Ife si Akatolika, tingatche mwana dzinali?

Mungathe. Mawuwo analipo Chikhristu chisanabwere ndipo alinso m'Baibulo lanu lomwelo, onani funso la Baibulo. Amayi ake a Livingstone aja sanali Akatolika.

Pali la amuna lofanana nalo?

Limene anthu amagwiritsa ntchito palibe. Ena amaganiza Ignatius chifukwa cha Ines koma amenewo si pachibale.

Ndikufuna kuliphatikiza ndi dzina la Chichewa, kapena lina la Chigiriki. Mungandithandize?

Lomasulira ndendende lingakhale Chiyero, likumveka bwino koma ndi losowa ndipo mukaliika pambali pa Agnes mwangobwereza chinthu chimodzi kawiri. Bola kusankha lonena nkhani ya banja lanu mmene makolo athu ankachitira, Agnes Tiyamike ngati mwana anachedwa kubwera, Agnes Chikondi, Agnes Takondwa, Agnes Pemphero. Yesani kuliitana mokweza ngati mwana ali kutsidya kwa msewu, likakuvutani pakamwa lisiyeni.

A Chigiriki ena amene tili nawo kale osadziwa ndi ambiri, ndipo chosangalatsa nchoti angapo ali ndi anzawo m'Chichewa. Irene ndi Mtendere, Sophia ndi Nzeru, Dorothy ndi mphatso ya Mulungu nde ndi Mphatso wathu yemweyu, Margaret ndi ngale, Agatha ndi wabwino, Anastasia ndi kuuka kwa akufa. Ngati apongozi aja akuumirirabe kuti likhale lopezeka m'Baibulo ngati dzina la munthu, alipo Eunice mayi a Timoteo pa 2 Timoteo 1:5, Phoebe pa Aroma 16:1, Chloe pa 1 Akorinto 1:11, Dorcas pa Machitidwe 9:36 amene tanthauzo lake ndi mbawala ndipo ndi kumene amayi a Dorika anatenga dzina, komanso Rhoda pa Machitidwe 12:13, kamtsikana kantchito kaja kanamva mawu a Petulo pakhomo nkuthamangira m'nyumba ndi chimwemwe kuiwala kumutsegulira. Mnzanga wina anatcha mwana wake Dorothy Mphatso osadziwa kuti wabwereza, anadzazindikira mwana ali Fomu 2.